Mwana Wamkazi wa ku Muloza ndi Mpando wa pa Yunivesite



Lamulo la mu 2013 likuti polemba anthu ntchito za boma, mwa anthu 100 alionse, akazi kapena amuna asachepere 40. Likufunanso zomwezo posankha ophunzira a ku yunivesite. Komabe silikakamiza kulemba munthu wopanda maphunziro oyenera.

Tsono mukamchotsa mwana wamkazi pasukulu kuti akakwatiwe, kapena azikagulitsa nthochi pachipata cha ku Milange, ndani adzakhale pampando wake wauphunzitsi ku yunivesiteko?

Mu 2016 Pulofesa Address Malata adasankhidwa kutsogolera yunivesite ya MUST, ku Thyolo kwa anansi athuŵa. Lamulo latsekula khomo, koma wolowapo ndi amene adapirira m'kalasi.

Wanuyo msiyeni aphunzire. Tsalani bwino.