Penti ya galimoto si poto wokwecha ndi phulusa

Mawu amene analankhula mnzathu wa m'kalabu, mlimi wa ku Sanjala, pa msonkhano wa mwezi uno

 Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye ndingolankhula zimene manja angawa anagwira. Paja titamvera pologalamu ya kusamala katundu, amayi ena anafunsa kuti, "Nanga galimoto ikachita mbuu ngati mwana wosadzola, penti yake n'kumakhakhala, mankhwala ake alipo?" Ndinaimika dzanja chifukwa ineyo zinandionekera.

Ine ndi alamu anga tili ndi Toyota Hilux yofiira, yakalekale, imene timanyamulira mbatata ya kachewere ndi nyemba kuchokera kumunda ku Chimbunila kubwera nazo kumsika kuno ku Lichinga, mwinanso mpaka ku Mandimba. Chaka chatha tinagwirizana zoigulitsa kuti tiwonjezerepo ndalama tigule Canter. Wogula anabwera, injini anaimva, anagwedeza mutu. Koma atasisita boneti, chikhatho chake chinatuluka chofiira ngati wagwira katondo. Pomwepo anatsitsa mtengo, ndipo ndalama imene anachotsayo inali yokwana feteleza wa munda wathu wonse. Tinakana, munthu uja n'kumapita.

Usiku umenewo tulo sindinatione. M'mawa ndinati, poto wakuda bii amayi akunyumba amamuwalitsa, nanga galimoto ingakanike bwanji? Ndinatenga phulusa ndi kawaya kokwechera mapoto, ndiye gwiragwira pangodya ya boneti. Pali ponyowa pankawala ndithu, mpaka ndinaitana ana kuti adzaone. Patauma, aaa, abale anga! Mizeremizere yokhayokha, ndipo pakati pake panatuluka chigamba chotuwa chachikulu ngati chikhatho changachi. Alamu anga sanandilankhule masiku awiri.

Ndinapita nayo kwa bambo wina wachikulire wowongola ndi kupenta magalimoto, aja timawati bate-chapa. Ataona anaseka kaye, kenako anati, "Mwana wanga, poto ndi chitsulo mpaka mkati, ungakweche zaka khumi. Penti ndi khungu chabe."

Zimene anandifotokozera ndi izi. Pamwamba pa chitsulo pamayamba penti yotuwa yogwiritsa, ija ndinafukula ine. Kenako pamabwera penti ya mtundu. Magalimoto ambiri a masiku ano amawapakanso vanishi woonekera pamwamba, amene kusitolo amati verniz. Zonse zitatuzi kukhuthala kwake n'kongofanana ndi pepala limodzi la m'kope, ndipo vanishi yekhayo ndi ngati theka la pepalalo. Tangoganizani. Dzuwa limapsereza kakhungu kapamwamba penipeni, n'kukasandutsa ufa. Musanamizidwe ndi kuzizira kwa mu June, kuno tili pamtunda wa mamita oposa 1,300, dzuwa lake limaluma ngakhale wavala juzi. Ndiye kuwalitsa galimoto si kuikapo chinthu ayi. Ndi kupalako kakhungu kakufako kuti penti yamoyo ya pansi ionekere. Nthawi iliyonse ukapala yachepa, ndipo simeranso ngati udzu.

Choncho musanagule kalikonse, yambani mwadziwa kuti penti yanu ndi yotani. Tengani kansalu koyera, ikanipo pang'ono phala lopukutira lija lotchedwa massa de polir, mutikite malo obisika, monga m'munsi mwa chitseko. Galimoto ikakhala yoyera, kansalu kakhale kakuda. Nsalu ikatenga mtundu wa galimoto, ndiye kuti penti yanu ilibe vanishi, ngati yathuyi, ndipo yoteroyo kawirikawiri imabwerera bwino. Nsalu ikapanda kutenga mtundu, vanishi alipo, ndipo ngati wangochita mbuu amawalanso. Koma mukaona kuti padenga kapena paboneti pali zigamba zoyera zosendeka ngati njoka yofundula, musataye ndalama. Vanishi ameneyo wafa, palibe polishi angamudzutse, mpofunika kupentanso basi.

Ife ntchito tinaigwira chonchi. Tinaimika galimoto pamthunzi m'mawa, chitsulo chisanatenthe. Tinayamba taithira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha, kenako kutsuka kuyambira padenga kutsika m'munsi. Zidebe zikhale ziwiri, china cha sopo, china chotsukuluzira nsalu, kuti mchenga usabwerere papenti. Itauma, bambo aja anandiveka kajumbo kapulasitiki kudzanja, akuti tasisita. Ndinadabwa, zala zinkamva timiyalamiyala pamalo amene maso ankati mpoyera. Tina tinali timadontho ta phula la mumsewu. Paja chiikireni phula msewu wa N13 wopita ku Cuamba fumbi linachepa kumeneko, koma m'mbali mwa zitseko mumadonthera takudato. Timeneto timachoka ndi palafini pang'ono pansalu, n'kutsukapo msanga ndi sopo. Tina tinali utomoni wa mitengo ya paini, poti ine ndinkakonda kuimika galimoto pansi pa paini pofuna mthunzi. Umenewo umasungunuka ndi sipiriti. Osakanda ndi chikhadabo kapena lezala.

Tsopano phala lija. Nsalu ikhale yofewa ya thonje, malaya akale a mwana opanda mabatani amakwana. Phala pang'ono ngati nsonga ya chala, malo aang'ono osaposa lichero, kutikita mofatsa, kenako kupukuta ndi nsalu ina youma n'kuyang'ana. Pakawala, lekani, sunthirani patsogolo. Mtima umafuna kubwerezabwereza, koma ndi pomwe anthu amaboolera. M'mphepete ndi pamizere yopindika ya boneti penti imakhala yopyapyala kuposa pena ponse, ndiye pamenepo muzingodutsa ngati mukusisita khanda. Pali ena amayamba ndi lixa wa nambala 2000 woviika m'madzi. Bambo aja anandiyang'ana, n'kuyang'ana chigamba changa chija, akuti, "Iwe ameneyo usamukhudze." Ndinamvera.

Pomaliza tinapaka sera wa galimoto, mopyapyala, atauma n'kupukuta. Ameneyu ndiye chipewa cha penti. Mukamusiya, pakangotha miyezi yochepa mbuu uja wabwerera. Mpofunika kubwereza pakatha miyezi itatu, kapena mukaona kuti madzi asiya kupanga timikanda pamwamba. Zinatitengera masiku a Loweruka awiri, mapewa anaphwanya kuposa kukumba mbatata.

Ndisanakhale pansi, pali zina zimene timachita tonsefe. Sopo wa ufa wochapira zovala amachotsa sera yense, msiyeni kumpanda wochapira. Kupukuta fumbi ndi nsalu youma n'chimodzimodzi kukwecha ndi mchenga, ndipo ana aja amalemba mayina awo ndi chala pagalimoto yafumbi, alangizeni. Zitosi za mbalame ndi nkhuku zimadya penti zikakhala padzuwa, muzitsuka tsiku lomwelo. Ife alimi tilinso ndi mdani wathu, feteleza. Ureya akatayikira kumbuyo n'kunyowa, dzimbiri silichedwa, ndiye mukatsitsa matumba thirani madzi. Mafuta a mabuleki asadonthere papenti ngakhale pang'ono, amaitupitsa n'kuisenda.

Ndipo inu ogula galimoto kapena njinga yamoto, chenjerani ndi yowala mopitirira. Alipo ogulitsa amene amaidzoza dizilo kapena mafuta ophikira m'mawa wa tsiku la malonda. Sisitani ndi chala, nunkhizani. Ikakhala yodzozedwa, mukamafika nayo ku Sanjala kuno idzakhala itavala fumbi lonse la mumsewu.

Wogula uja anabweranso titakolola nyemba. Anaizungulira kawiri, akufunsa ngati taipenta. Mtengo anakweza kufika pafupi ndi umene tinkafuna, koma chigamba changa chija anachiona, n'kuchotserapo ya wopenta. Ndalama imeneyo alamu anga anati ichoke kumbali yanga, ndipo sindinatsutse.

Phala linatsalako theka la chitini. Loweruka likubwerali tikatha kumvera wailesi, amene ali ndi njinga yamoto yotuwa thanki abwere nayo pansi pa mtengo uja timakhalawu, atengenso chidebe ndi malaya akale awiri.