Kaliyala wopanda katundu akutidyera ndalama za mpunga

(Mawu amene atsogoleri a bungwe lathu adayankhula kwa mamembala a makalabu a m'mbali mwa nyanja ku Salima)

Tikudziwa kuti ena mwasiya mpunga pamkeka, ena mwasiya usipa pathandala, ndiye sitikusungani nthawi yaitali.

Ambiri mumayembekezera kuti lero tikamba za feteleza kapena za mavenda. Zimenezo tidzakambabe. Lero tabwera ndi nkhani ya chitsulo chimene chili padenga pa galimoto, chija timati kaliyala. Taona ena mwayamba kale kuseka. Mukuti ife tilibe galimoto, kaliyala wathu ndi wa panjinga basi. Zoona. Koma thumba lililonse la mpunga, la mtedza kapena la usipa limene limachoka kuno kupita ku Lilongwe limakwera galimoto, ndipo mafuta a galimotoyo salipira mwini wake. Amalipira ndinu. Mukachita hayala, mafutawo ali mumtengo wa hayala. Mukagulitsa kwa venda pakhomo, iye wachotseratu mafutawo pamtengo umene akukupatsani.

Mafutawo mukudziwa m'mene akhala akukwerera. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, choncho petulo ndi dizilo zimachokera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, bungwe la MERA lidakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Mu Okutobala 2025 adafika pa K3,499. Akuluakulu mukukumbukiranso mizere ya pamafilingi siteshoni mu 2011 ndi 2012, pamene mbewu zinkagona pamsewu kudikira lole. Mtengo wa pa lita sitiukonza ndife. Chimene chili m'manja mwathu ndi kuchuluka kwa malita amene katundu wathu akuwotcha.

Asodzi amene muli pano mutithandize. Mwera ukayamba mu Juni ndi Julaye, kupalasa bwato molimbana nawo ndi kupalasa nyanja ili bata, mphamvu yake ndi imodzi? Ayi. Ndipo mukaimika katundu wamtali m'bwatomo, mphepo imapeza pogwira. Galimoto nayo imayenda ikung'amba mphepo. Amene adaipanga adasalaza denga lake kuti mphepo izitsetsereka. Tikaikapo zitsulo, mphepo imakodwa m'menemo n'kumakokera galimoto m'mbuyo, ndipo injini imamwa mafuta owonjezera kuti ilimbane nayo. Likhweru lija mumamva padenga galimoto ikathamanga ndi mphepo imeneyo.

Apa mumvetsetse bwino, chifukwa mutu wa nkhani uli pamenepa. Mphamvu ya mphepo siikula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwa mphepo kumawirikiza kanayi. Galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola ikulimbana ndi mphepo yoposa kanayi ya galimoto yoyenda makilomita 40 pa ola. Ndiye pamsewu wafumbi wochokera kumunda, pamene dalaivala akuzemba maenje pang'onopang'ono, kaliyala sakuwonongerani zambiri. Koma mukangokwera phula la M14 kulowera ku Mvera, Chezi mpaka Kanengo, kapena la M5 kutsikira ku Chipoka ndi Golomoti, kaliyala wayamba kumwa.

Kunja adaziyeza zimenezi. Unduna woona za mphamvu ku America umauza oyendetsa galimoto kuti bokosi lalikulu la katundu padenga limachepetsa mtunda umene lita imodzi imayenda ndi 2 mpaka 8 peresenti m'tauni, ndi 6 mpaka 17 peresenti pamsewu waukulu. Mu 2016 akatswiri a ku Lawrence Berkeley National Laboratory adawerengera kuti makaliyala a padenga adawotchetsa dziko la America malita oposa 370 miliyoni a petulo m'chaka cha 2015 chokha, ndipo gawo lalikulu lidapita pa makaliyala oyenda opanda kanthu. Misewu yawo ndi yothamanga kuposa yathu, choncho tisatenge manambala awo ngati athu. Komabe mphepo ya ku America ndi ya ku Salima imagwira chitsulo mofanana.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Kuchoka pa boma pano kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, kupita ndi kubwera 200. Titenge galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita. Ulendo umodzi ndi malita 20. Kaliyala akawonjezera lita imodzi yokha pa malita 20 amenewo, dalaivala sangazindikire n'komwe. Koma galimoto yoyenda katatu pa sabata imayenda maulendo ngati 150 pachaka. Amenewo ndi malita 150. Pamtengo wa Okutobala 2025 uja ndi ndalama zoposa K520,000. A Msungichuma a kalabu iliyonse atiuze, ndalama imeneyo ndi matumba angati a mpunga wa Kilombero?

Tisaloze ena chala tisanadziloze tokha. Galimoto ya bungwe lathu lino, imene timayendera m'makalabu, yakhala ndi kaliyala kuyambira tsiku limene tidaigula. Titakhala pansi kuwerenga masiku amene padengapo padakweradi katundu, tidachita manyazi. Ndi nthawi yogawa mbewu basi, ndi tsiku lina limene tidanyamula mipando ya pamsonkhano. Masiku ena onse tinkanyamula chitsulo chokhachokha kupita nacho kutauni n'kubwera nacho, pa ndalama za umembala zimene mumasonkha inu. Titati tichotse, tidapeza kuti mmisiri adachita kuwotcherera kudenga. Tidalipira kuti adule, tidalipiranso kumata mabowo kuti mvula isamalowe. Tsopano tili ndi kaliyala wa mabawuti, amene anyamata awiri ndi sipanala amatsitsa madzi a tiyi asanawire.

Sitikunena kuti kaliyala ndi woipa. Amayi a geni ya usipa wouma mukudziwa kuti katundu wanu ndi wopepuka koma wodya malo, ndipo popanda kaliyala mukadalipira maulendo awiri. Ulendo umodzi wokhala ndi katundu padenga umaposa maulendo awiri opanda kaliyala, zimenezo n'zosachita kufunsa. Tikukana kaliyala woyenda wopanda ntchito, ndiponso chizolowezi choika pamwamba katundu amene akadakwana m'kati. Matumba olemera a mpunga ndi chimanga malo ake ndi pansi. Mukawakweza padenga galimoto imayenda mopendama, ndipo m'makona a pa chitunda chotsikira kuno kuchokera ku Dowa mukudziwa nokha zimene zimachitika. Zikakakamiza kuti katundu akwere pamwamba, akhale wofupika, womangidwa bwino, lona wosakupiza, ndipo dalaivala achepetse liwiro.

Ena mwa madalaivala atiuza kuti nkhaniyi ndi ya m'mabuku. Tisakangane nawo, tiyeze. Thirani thanki mpaka kudzadza, lembani nambala ya makilomita imene ili pa dashibodi, pitani ku Lilongwe, bwerani, thiraninso mpaka kudzadza pa pampu yomweyo. Malita amene alowa kachiwiriko ndiwo mwawotcha. Chitani zimenezi maulendo atatu kaliyala ali pamwamba, atatu ali pansi, dalaivala yemweyo, katundu wofanana. Ulendo umodzi sukwanira, chifukwa tsiku lina mwera uli kutsogolo, tsiku lina uli kumbuyo. Musaiwale kupopa matayala mofanana musananyamuke, pakuti tayala lochepa mpweya nalo limamwa mafuta ndipo lingasokoneze chiwerengero chanu. Kope la sukulu limodzi ndi lokwanira ntchito yonseyi.

Komabe tinene zoona, chitsulo chopanda katundu chachikulu kuposa zonse ndi galimoto imene imabwera kuchokera ku Lilongwe ili yopanda kanthu. Pamenepo sitikutaya lita imodzi, tikutaya theka la ulendo. Kalabu ikachita hayala payokha, lero ya ku Lifuwu, mawa ya ku Maganga, aliyense amalipira ulendo wobwerera wa galimoto yopanda katundu. Tikasonkhanitsa mbewu pamalo amodzi, tsiku limodzi, n'kukonzeratu kuti pobwera galimotoyo itenge feteleza, mbewu kapena masaka, mwini galimoto sangakane kutsitsa mtengo, chifukwa ulendo wake walipidwa mbali zonse ziwiri.

Kwa akuluakulu a boma amene mwabwera, nafenso tili ndi pempho. Mumtengo wa lita iliyonse muli ndalama yokonzera misewu, imene imapita ku Roads Fund Administration. Mlimi wa kuno akuilipira kudzera m'hayala ngakhale alibe galimoto. Msewu wokumbika umakakamiza dalaivala kuyenda m'magiya oyamba, ndipo pamenepo mafuta amatha kuposa a kaliyala. Tikupempha Khonsolo ya Salima ndi a Roads Authority kuti misewu yolowa m'madera a mpunga ndi m'madoko a nsomba izipalidwa mvula ikangotha, tisanayambe kututa mbewu, osati mu Okutobala katundu atatuluka kale pamtengo wokwera. Pempholi tilemba kalata ndipo tidzapempha mafumu kuti asainire nafe.

Tsono tigwirizane chonchi. Kalabu kapena kopaletivi iliyonse imene ili ndi galimoto, kapena imene ili ndi galimoto imodzi yomwe imachita hayala kawirikawiri, igule kope sabata ino. A Mlembi azilemba makilomita, malita, ndiponso ngati padenga padali katundu kapena ayi. Pamsonkhano wotsatira mubwere ndi makopewo, tidzawerenge pamodzi. Eni magalimoto tidzawaitananso kuti adzakhale nafe, chifukwa mtengo wa hayala wa chaka chamawa tikufuna kudzaukambirana manambalawo ali patebulo.