MAFUTA ONUNKHIRA A ZOMERA NDI NTHENDA YA KUTHAMANGA KWA MAGAZI

Mau a Mlembi pa msonkhano wa chikumbutso



Ife ndife amene timazonda odwala m'midzi, ndipo wodwala amamvera zimene timuuza. Tsono ndati lero tikambirane za timabotolo ta mafuta onunkhira timene ena akugulitsa, namati timachiza mtima ndi kuthamanga kwa magazi, nthenda imene ambiri aitcha BP.

Choyamba, mafuta amenewa si ophikira ai. Ophikira aja amafinya ku mtedza, mpendadzuwa kapena soya. Awa amawatenga ku masamba, maluwa kapena makoko a zipatso. Mukafikisa tsamba la bulugamu, kapena kusenda ndimu, fungo limene mumva ndilo mafutawo. Opanga amadutsitsa nthunzi m'masamba, nthunziyo ikazizira mafuta ayandama pamwamba pa madzi. Thumba lathunthu la masamba lingotulutsa kabotolo kakang'ono, nchifukwa chake mphamvu yake ndi yoopsa.

Enafe tikumbukira chaka cha 2021, pamene Covid-19 inavuta, m'mene tinkafundira bulangeti pa mphika wa masamba a bulugamu. Nthunzi ija imatsegula mphuno, koma siipha kachirombo. Nkhani ya mtima ifanana ndi imeneyi. Anthu ophunzira anayesa mafuta a zomera zosiyanasiyana, ndipo ena anaoneka kuti amafewetsa mitsempha ya magazi. Koma zoyesa zambiri anachitira pa makoswe. Pa anthu, chimene chinaoneka nchakuti fungo la duwa lotchedwa lavender limakhazika munthu mtima pansi, magazi natsika pang'ono kwa kanthawi kochepa, kenaka nkubwereranso. Adyo nayenso, ndiponso chakumwa cha chidede, zimatsitsako magazi pang'ono. Zimenezi nzothandizira chabe, sizilowa m'malo mwa mapiritsi a kuchipatala.

Nthendayi si yachibwana. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO anayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko lathu lino, napeza kuti mmodzi mwa atatu alionse magazi ake anali okwera, ndipo ochuluka sankadziwa nkomwe. Nthendayi imayenda mwakachetechete. Munthu alima, asinja, atunga madzi bwinobwino, tsiku lina angogwa, mbali imodzi yafa, pakamwa papotoka. Ina imaononga impso ndi maso. Mai akagwa chotero, ndani adzaphikira ana? Ndani adzakolola mtedza?

Tsono ndikupemphani zinthu zisanu.

1. Kayezetseni, ngakhale simukumva kupweteka. Chipatala cha St. Gabriel ku Namitete, chimene chinayamba m'chaka cha 1959, chilipo, cha Kabudula chilipo, ndi zina zazing'ono zapafupi nafe. Muyeso ukamafika 140 pa 90 kapena kupitirira masiku angapo, ndiye kuti magazi akwera.

2. Amene adokotala anakupatsani mapiritsi, monga HCTZ kapena amlodipine, imwani tsiku ndi tsiku. Mukamva bwino ndiye kuti mankhwalawo akugwira ntchito, osati nthenda yatha. Musawataye chifukwa mwagula kabotolo.

3. Mafuta onunkhirawa musamwe. A bulugamu, ngakhale osakwana kasupuni ka tiyi, angathe kukomola mwana kapena kumupha. Abiseni patali monga tichita ndi parafini. Pakhungu amaotcha ngati simunawasakanize ndi mafuta ena odzola.

4. Chepetsani mchere. A WHO ati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera zakudya zonse. Soda wa m'therere ndi timibulu togula tokometsera ndiwo nazonso zili ndi chimene chimakweza magazi mu mchere. Supuni ya mchere ili m'manja mwa ife amai, tsono moyo wa abambo ndi agogo kunyumba ulinso m'manja mwathu. Kometsani ndiwo ndi tomato, anyezi, adyo ndi nsinjiro.

5. Mai wodwala pakati akamatupa nkhope ndi manja, mutu nkumawawa kwambiri, maso nkumachita chidima, musam'fukize kapena kum'dzoza kanthu. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Akulu anati safunsa anadya phula. Ngati mukumwa mankhwala a zitsamba kapena adyo wambiri, auzeni adokotala poyera, chifukwa adyo amachedwetsa magazi kuundana, ndipo sagwirizana bwino ndi mankhwala ena. Tikamapita kukazonda wodwala, tisangom'tengera ufa ndi nkhuni, tim'funsenso kuti, "Kodi mapiritsi anu mwamwa lero? Nanga tsiku lobwerera kuchipatala ndi liti?" Ngati alibe wom'perekeza, mmodzi wa ife anyamuke naye.