Osagumula nyumba pofuna kusintha mpando: za Linux ya m'tizipangizo ting'onoting'ono

Awa ndi mawu amene mlangizi wa gulu lathu la zamakompyuta analankhula pa msonkhano wa Loweruka lapitali ku Kawale. Tawalemba kuti anzathu a ku Chinsapo, Mgona ndi Area 25 amene sanabwere nawonso apindule.



Lero tikambe za kudikira. Kabokosi ka Raspberry Pi kali patebulopa, komanso marauta ambiri a Wi-Fi, mkati mwake mumayenda Linux. Si Linux yonse ya pa laputopu ayi, ndi yochepetsedwa, yokonzedwera ntchito imodzi. Poipanga timagwiritsa ntchito zida ngati Buildroot kapena Yocto, zimene zimakoka mapulogalamu ambirimbiri pa intaneti n'kuwamanga limodzilimodzi. Pa laputopu wamba, kumanga koyamba ndi Yocto kumatha maola angapo. Ndiye munthu wasintha kamzere kamodzi m'pulogalamu yake, akufufuta zonse n'kuyambiranso. Pakati pa ntchito magetsi azima, batire yatha, bandulo nayo yapita. Loweruka lonse lathera poyang'ana sikirini.

Funso langa ndi ili: kodi mukafuna kusintha mpando pabalaza, mumagumula nyumba yonse? Ayi ndithu. Nyumba imamangidwa kamodzi, mipando ndiye imalowa n'kutuluka. Foni yanu imachitanso chimodzimodzi. Android imakhala pamwamba pa Linux, koma WhatsApp yatsopano ikatuluka simuikanso Android yonse. Mumangokoka WhatsApp basi.

Nzeru imeneyi inagwirapo kale ntchito mumzinda wathu uno. Mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayamba kuika timakompyuta tokhudza ndi chala pa sikirini ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Toyambirirato tinali totchedwa i-Opener, togula kwa anthu amene anatigwiritsapo kale ntchito ku America, ndipo anaikamo Linux. Dongosololi litakula, kamakina ka patebulo la namwino kankangotsegula tsamba, pamene pulogalamu yeniyeni yolembera odwala inkakhala pa seva. Akafuna kukonza pulogalamuyo, ankakonza malo amodzi, osayenda tebulo ndi tebulo. Mwaona eti? Maziko pawokha, pulogalamu payokha.

Tsono ife tichite bwanji? Zinthu zitatu.

Choyamba, mangani maziko kamodzi. Maziko ndi zinthu zosasinthasintha: U-Boot imene imadzutsa makina, kernel ya Linux, laibulale ya C, ndi BusyBox imene imapereka malamulo ngati ls ndi cp. Mukamaliza, apatseni dzina ndi nambala, monga maziko-1, muwasunge bwino.

Chachiwiri, tulutsani SDK. Mu Buildroot mumangolemba make sdk. Mu Yocto muli populate_sdk. SDK ili ndi chida chomangira pulogalamu ya purosesa ya ARM muli pa laputopu yanu, pamodzi ndi malaibulale ofanana ndi a m'maziko aja. Mukakhala nayo, mumamanga pulogalamu yanu yokha, ndipo yaing'ono imatha musanamalize kapu ya tiyi.

Chachitatu, gawani memori khadi pawiri. Gawo loyamba likhale la maziko, mulitseke kuti makina azingowerenga osalembamo. Gawo lachiwiri likhale la mapulogalamu anu ndi zosunga zawo. Phindu lina ndi lakuti magetsi akazima mwadzidzidzi, gawo losalembedwalo silionongeka msanga, choncho makina amadzukabe.

Koma chenjezo lilipo. Pulogalamu yomangidwa ndi SDK ya maziko-1 itha kukana kuyenda pa maziko-2 ngati laibulale ina yasintha. Ndiye maziko asamasinthidwe ndi aliyense amene wadzuka ndi maganizo atsopano. Tisankhe anthu awiri oti aziwayang'anira. Akasintha, azikweza nambala, kutulutsa SDK yatsopano, n'kutiuza tonse pa gulu la WhatsApp kuti timangenso mapulogalamu athu. Komanso tisawasiye zaka osawakhudza, chifukwa mabowo a chitetezo amapezeka mu kernel ndi m'malaibulale, ndipo amafunika kutsekedwa.

Chomaliza ndi cha m'thumba. Zonse zimene Buildroot yakoka pa intaneti zimakhala mu foda ya dl. Mmodzi akakoka, aike pa fulashi, ena tonse tikope. Palibe chifukwa choti anthu khumi agule mabandulo khumi pokoka chinthu chimodzi.

Loweruka likudzali bwerani ndi fulashi komanso memori khadi yopanda kanthu. Timanga maziko-1 limodzi, kenako aliyense apite ndi SDK yake kunyumba. Amene ali ndi mafunso, dzanja m'mwamba.