Pamene Mtima Wauma: Chidule cha Khutba ya Lachisanu

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ife a kuchigwa cha Shire mayesero sitichita kuwamvera pa wailesi. Mu Januwale 2015 madzi a Shire ndi Ruo anazinga Makhanga. Mu 2019 kunadza namondwe Idai. Mu Januwale 2022 Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ndi kukokolola minda ya ku Chikwawa. Mu Malichi 2023 Freddy anasiya anthu oposa 1,000 m'dziko muno atamwalira kapena kusowa, ndipo Ramadhan ya chaka chimenecho inapeza ambiri ali m'misasa.

Nyumba zina zinamangidwanso, koma pali chinthu china chimene madzi anakokolola chimene sitichitchula: kukoma kwa Swala. Alipo pakati pathu amene amaimirira pa mzere thupi lokha, mtima uli gwa ngati dothi la m'chilimwe. Ena anasiya kukweza manja pa dua, akumati mumtima: "Kodi Allah anatitaya?"

M'bale wanga, ngati ndi iwe, usadziyese munthu wotayika. Ngakhale Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) inamufikira nthawi imene chivumbulutso chinaleka kutsika, adani nayamba kumunyodola kuti Mbuye wake wamusiya. Pamenepo m'pamene Surat Adh-Dhuha inavumbulutsidwa, kumutsimikizira kuti sanasiyidwe ndipo sanadedwe. M'chaka chimodzi anataya mkazi wake Khadija ndi Abu Talib amene ankamutchinjiriza, mpaka chakacho chinatchedwa Chaka cha Chisoni. Ku Taif anamugenda miyala. Mwana wake Ibrahim atamwalira, misozi inatsika m'maso mwake. Choncho kulira si kusowa Imaan. Choletsedwa ndi kutaya chiyembekezo mwa Allah.

Nanga tichite chiyani m'nyengo yotere?

Choyamba, gwiritsani Swala zisanu ngakhale mtima usakumva kukoma. Mlimi wa m'dimba saleka kuthirira chifukwa mbewu sinamere tsiku lomwelo. Chipembedzo chathu chinatipeputsira: wosowa madzi achite tayammum, wodwala aswali chokhala, ndipo amene matenda anamulepheretsa kusala adzabweze masikuwo akachira.

Chachiwiri, dandaulirani Allah, osati kudandaula za Allah. Mneneri Ayyub anataya thanzi, chuma ndi ana, koma madandaulo ake anawapereka kwa Mbuye wake, ndipo anayankhidwa.

Chachitatu, musadzipatule. Mutu umodzi susenza denga. Amene simunamuone ku Jumu'ah masabata atatu, kamuyendereni musanamuweruze. Zakaat ndi sadaka zanu ziyambire kwa amasiye a m'mudzi mwanu, ndipo mbale ya nsima isafunse chipembedzo cha wanjala.

Chachinayi, kuyadzamira mwa Allah si kukhala manja lende. Mneneri Nuh anakhoma chombo madzi asanafike. Chenjezo likaperekedwa, samukirani kumtunda. Kuteteza moyo wa ana anu ndi gawo la Imaan.

Inu amene abale anu anapita ndi madzi, ena osapezeka n'komwe kuti muwaike m'manda, dziwani kuti Mtumiki anaphunzitsa kuti womira m'madzi ali m'gulu la mashahidi. Kumene iwo agona, Allah akukudziwa.

Shire yemweyo amene amatiliza ndiye amasiya chinyontho chimene timadzalapo chimanga ndi mbatata madzi akaphwa. Sitingazindikire nzeru yonse ya Allah pa zimene zatigwera, koma tikudziwa kuti kupirira kulikonse kuli ndi malipiro ake.

E Allah, akhululukireni akufa athu, limbitsani mitima yofooka, tibwezereni kukoma kwa mapemphero, ndipo mutipatse mvula ya madalitso, osati ya chionongeko. Ameen.