Osonkhetsa Zachifundo pa Malo a Ntchito

Mau olankhulidwa kwa nthumwi za Sinodi ya Harare, ku Chitungwiza



Mpingo ukafuna mbusa umamtumiza ku sukulu zaka zingapo. Ukafuna mkulu wa mpingo kapena mtumiki umayamba wamuyesa, numlangiza, ndi kumuika pa udindo pamaso pa gulu lonse. Koma alipo munthu wina amene amagwira ndalama za anthu m'dzina la mpingo, nazigwirira kutali ndi maso a mbusa, pakati pa anthu amene ambiri a iwo sali a mpingo uno. Ndipo kawirikawiri munthu ameneyu amangopatsidwa kope ndi cholembera, nauzidwa kuti Ambuye amtsogolere. Ameneyu ndiye Mkhristu wodzipereka amene amasonkhetsa zachifundo pa malo ake a ntchito. Mau a lero ali a iyeyu, ndi a maphunziro amene ayenera kupatsidwa asanalandire khobidi la munthu.

Kusonkha pa ntchito si chinthu chachilendo m'Sinodi ino. Amuna a ku Nyasaland amene adabwera ku Southern Rhodesia, ena pansi, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi, sadapeze mudzi kuno ai. Adapeza komboni ya pa mgodi, ya pa famu ndi ya kunjanji. Mnzao akamwalira padalibe mwinimbumba, padalibe mfumu yotuma mthenga, padalibe adzukulu okumba manda. Tsono anzake a pa ntchito ndiwo adasanduka abale ake: chipewa chidayenda tsiku la malipiro, nsalu ndi matabwa zidagulidwa, ndipo kalata idalembedwa yonka kumudzi. M'menemo ndimo mudakulira mabungwe a maliro amene Amalaŵi a kuno adadziwika nao. Antchito omwewo ndiwo adapempha kuti awatumizire mbusa, kufikira Mbusa T.C.B. Vlok, amene adayamba ntchito ku Mvera pamodzi ndi Mbusa A.C. Murray m'chaka cha 1889, adafika ku Salisbury mu 1912. Pamene mipingo ya kuno idakhala Sinodi payokha mu 1965, idali itazolowera kale kukhalira pa zopereka za anthu olandira pa tikiti.

Chitungwiza adapangidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo adamangidwa kuti akhale mogona antchito. Kusanache anthu ankakwera mabasi pa msewu wa Seke kunka ku Graniteside, Workington, Southerton ndi Willowvale, nabwerera dzuwa litalowa. Kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 370,000 mu mzinda uno. Mkhristu wa kuno amakhala ndi anzake a mpingo maola atatu pa Sabata, koma ndi anzake a ku ntchito masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Chifukwa chake sichodabwitsa kuti mpingo ukafuna kuthandiza amasiye, odwala kapena ana osowa fizi, maso ake amayang'ana komweko.

Koma malo a ntchito adasinthika. Ndondomeko ya chuma ya ESAP idayamba mu 1991, chilala chachikulu chidagwa mu 1992, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1990 fakitale ya nsalu ya Cone Textiles, ya muno m'Chitungwiza, idatsekedwa, anthu zikwi zingapo nataya ntchito. Kuyambira mu 2000 antchito a m'mafamu, amene ambiri a iwo adali ana ndi adzukulu a Amalaŵi, adabalalika. Mu 2005 Murambatsvina adagwetsa nyumba ndi misasa ya malonda. Lero munthu akati ali ku ntchito, mwina ali m'chipatala kapena pa sukulu, koma mwinanso ali pa benchi pa msika wa Makoni kapena wa Chikwanha, pa siteji ya makombi, kapena pa shedi yokhomera mipando m'mbali mwa msewu. Kumeneko kulibe ofesi ya malipiro, kulibe kutha kwa mwezi. Munthu amadya chimene wapeza tsiku lomwelo. Wosonkhetsa wophunzitsidwa za m'fakitale zokha sadzadziwa poyambira.

Buku Lopatulika silichita manyazi ndi nkhani ya kawerengedwe ka ndalama. M'masiku a mfumu Yoasi, monga alembera pa 2 Mafumu 12, ndalama zokonzera Kachisi zidakhala zikulandiridwa ndi ansembe zaka zambiri, koma ming'alu ya Kachisi idakhala chikhalire. Wansembe Yehoyada adatenga bokosi, naboola chivundikiro chake. Ndipo likadzala, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankadza pamodzi kudzawerenga. Pamenepo ntchito idayenda. Paulo naye, posonkhetsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, sadafune kunyamula mphatsoyo yekha, chinkana adali mtumwi. Pa 1 Akorinto 16 apempha mpingo kuti usankhe wokha anthu oinyamula, ndipo pa 2 Akorinto 8 atuma Tito pamodzi ndi abale ena awiri, kuti pasapezeke munthu womnenera zoipa. Ngati Paulo adafuna mboni, wosonkhetsa wa pa Zengeza sayenera kukhumudwa pomuuza kuti asawerenge ndalama ali yekha.

Apa ndipo pali mutu wa maphunziro onse. Mipingo yambiri imasankha munthu chifukwa ali wokhulupirika, nkuganiza kuti yatha ntchito. Koma anzake a ku ntchito sadziwa mtima wake. Adziwa zimene aona ndi maso. Kukhulupirika kwake kuyenera kuoneka. Munthu wolungama wopanda risiti ndi wopanda mboni sasiyana ndi mbala pa tsiku limene mphekesera yabuka, pakuti onse awiri alibe chowayankhira. Ndipo anthu a masiku ano adamva kambirimbiri mau aja akuti mbuzi imadya pamene aimangirira, kotero kuti safulumira kukhulupirira wogwira thumba. Tsono wosonkhetsa aphunzitsidwe kuyenda ndi mnzake, kulemba risiti ya kaboni pa ndalama iliyonse ngakhale yochepetsetsa, kuwerenga tsiku lomwelo onse awiri nalemba maina ao pansi pake, ndi kupereka ndalamazo kwa msungichuma wa mpingo sabata isanathe. Chiyambire EcoCash mu 2011 ambiri amapereka pa foni. Zimenezi zisalowe pa nambala ya wosonkhetsa, pamene zidzasakanizika ndi za ndiwo ndi za magetsi a kunyumba kwake, koma pa nambala imene mpingo udaika. Ndipo thumba lachifundo silikongozedwa. Osonkhetsa ambiri amene adagwa sadayambe ndi kuba. Adayamba ndi kubwereka za basi, ati adzabweza Lachisanu.

Chinthu china chimene alangizi ayenera kukhalapo nthawi yaitali ndicho kusakakamiza. M'tchalitchi anthu amakhala pa benchi imodzi, koma ku ntchito alipo wolamula ndi wolamulidwa. Kawirikawiri mpingo umakondwera kusankha kapitao, mphunzitsi wamkulu kapena namwino wamkulu, poganiza kuti mau ake ali ndi mphamvu ndipo ndalama zidzachuluka. Zidzachulukadi, koma sizidzakhala zopereka. Mnyamata wa ganyu amene ntchito yake ya mwezi wamawa ili m'manja mwa kapitao sangakane kope likafika pamaso pake; adzapereka za ufa wa ana ake, nadzadana ndi mpingo mumtima zaka zambiri. Chifukwa chake munthu asasonkhetse kwa amene ali pansi pa ulamuliro wake. Kapitao akafuna kuthandiza, athandize popempha chilolezo kwa eni ntchito ndi kupereka yekha, koma kope ligwidwe ndi wina. Momwemonso pepala la maina ndi ndalama zao lisayende dzanja ndi dzanja, pakuti pepala lotere limakwapula wosauka koposa mkwapulo: aona kuti mnzake walemba madola 10, iye ali ndi imodzi, tsono akongola kapena abisala. Kumene kukali ofesi ya malipiro, pasadulidwe kanthu pa malipiro a munthu iye asanalembe yekha kuti walola, ndi kuti walola zingati, kufikira liti.

Kulandira kukana nalo ndi luso lofunika kuphunzira. Munthu akati alibe, wosonkhetsa athokoze, napite, ndipo mawa ampatse moni monga kale. Asamfunse chifukwa, asamlalikire. Pa malo amodzi a ntchito muno amapezeka Mkatolika, wa Methodist, wa Chipostoli wa mkanjo woyera, Msilamu wa Chiyao, ndi wa gule wamkulu amene agogo ake adachokera ku Dedza. Ambiri a iwo adzapereka mokondwera akamva kuti ndalama zikagula mabulangete a okalamba kapena mankhwala a odwala, koma ali ndi ufulu wodziwa ngati thandizolo lili la anthu onse kapena la a mpingo okha. Auzidwe zoona poyamba pomwe. Ndalama zomangira tchalitchi kapena nyumba ya mbusa zisapemphedwe ku ntchito m'dzina la chifundo. Zimenezo ndi katundu wa Akhristu eni ake.

Chaka cha 2008 chidasiya phunziro limene mzinda uno sungaliiwale. Mu Ogasiti chaka chimenecho kolera idabuka ku St Mary's ndi ku Zengeza, nifalikira m'dziko lonse, ndipo pofika pakati pa 2009 idali itapha anthu oposa 4,000. Miyezi yomweyo ndalama idali kusungunuka m'manja: zosonkhedwa Lachisanu sizidathe kugula Lolemba chimene zikadagula tsiku lija, ndipo mu Januwale 2009 idatuluka ndalama ya pepala ya madola 100 thiriliyoni. Amene adasunga thumba mosamala, kudikira msonkhano wa mwezi wamawa, adasunga mapepala chabe. Amene adathamanga kukagula sopo, mchere, shuga ndi ufa tsiku lomwelo ndiwo adathandiza anthu. Kuchokera pamenepo dziko lagwiritsa ntchito dola ya America kuyambira mu 2009, mabondi mu 2016, dola ya Zimbabwe mu 2019, ndi ZiG kuyambira mu Epulo 2024. Tsono wosonkhetsa aphunzire kulemba pa risiti mtundu wa ndalama imene walandira, ndi kupereka mtundu womwewo kwa msungichuma. Asasinthe yekha pa msewu, pakuti pamenepo ndipo pamathera ubale. Aphunzirenso kuti chosonkha chili chonse chikhale ndi cholinga chimodzi, ndi tsiku loyamba ndi lotseka. Ndipo pa msika, pamene ndalama ili yosowa, alandire zinthu: botolo la mafuta, mutu wa kabichi, ntchito ya mmisiri wolonjeza kukhoma bokosi. Izinso zilembedwe.

Za wolandira thandizo mau ali ochepa koma olemera. Dzina lake ndi matenda ake si za wosonkhetsa kuti aziyenda nazo. Mai wamasiye asajambulidwe atanyamula thumba la ufa kuti chithunzi chake chizungulire pa WhatsApp. Zikwanira kunena kuti mabanja angapo a ku Seke athandizidwa, ndi kuti atumiki adafikako.

Chimene chimaiwalika koposa ndicho kubwerera. Wosonkhetsa amafika kwa anzake ndi nkhope yowala popempha, koma ndalama zikapita sabwereranso kudzanena chimene zidachita. Chaka chamawa adzadabwa kuona anthu akumzemba. Akulu adati kupatsa nkuika. Koma woika amafuna kudziwa kumene chinthu chake chidaikidwa. Pasanathe mwezi chitsekere chosonkha, pakhale pepala limodzi losainidwa ndi msungichuma, lonena zolowa, zogulidwa ndi zotsala, ndipo liwerengedwe pamalo pomwe anthu adaperekera, pa nthawi ya tiyi kapena ya nkhomaliro.

Maphunziro otere safuna koleji. Masiku awiri a Loweruka akwanira, malinga asathere m'kulalikira. Ophunzira agwire buku la marisiti ndi manja ao, alembe, alakwitse, akonzedwe. Ayeseze awiriawiri: mmodzi apemphe, wina akane mwaukali, mmodzi aloze kope nanene kuti dola yake sidalembedwe, wina ayankhe mosapsa mtima. Ayesezenso m'Chishona, pakuti ndicho chilankhulo cha ku ntchito, ndipo achinyamata ambiri a mpingo obadwira kuno amachilankhula bwino koposa Chichewa. Aphunzitsi alipo kale m'mipingo: asungichuma, Akhristu ogwira ntchito yowerengera ndalama, ndi amai a Chigwirizano amene ayendetsa thumba la odwala zaka zambiri popanda mlandu. Amai amenewa kawirikawiri saitanidwa kudzaphunzitsa amuna, ndipo mpingo umataya nzeru zambiri pamenepo.

Pempho limene liikidwa pamaso pa nthumwi ndi lakuti munthu asasonkhetse pa malo a ntchito m'dzina la mpingo wa Sinodi ino asanaphunzitsidwe, ndi asanalandire kalata yosainidwa ndi mbusa ndi mlembi wa mpingo, yotchula dzina lake, dzina la mnzake woyenda naye, cholinga cha chosonkhacho ndi tsiku lotseka. Kalatayo aisonyeze kwa eni ntchito kapena kwa komiti ya msika asanayambe, ndipo aibweze pamodzi ndi buku la marisiti ntchito ikatha. Presbiterio iliyonse isankhe anthu awiri oyendera mipingo ndi maphunzirowa, nadzapereke lipoti pa msonkhano wotsatira wa Sinodi.