KUUNIKA AMAI APAKATI KU CIPATALA

Lero tikambirane za makina a X-ray, amene madokotala amaunikira nao m'kati mwa thupi.

Kuwala kwa makinawa kunapezedwa ndi Wilhelm Röntgen wa ku Germany m'caka ca 1895. Sikuoneka ndi maso, koma kumapyoza mnofu ndi kuonetsa mafupa ndi mapapo. Kuli ngati moto: kukacepa kumathandiza, kukacuruka kumaononga.

M'caka ca 1956 Dr. Alice Stewart wa ku Oxford anapeza kuti ana amene amai ao anaunikidwa pamimba ali ndi pakati anali kufa ndi khansa pafupifupi kawiri kuposa anzao. Cifukwa cace madokotala anayamba kusamala, ndipo makina a masiku ano amaturutsa kuwala kocepa kuposa akale. Komabe mwana wa m'mimba ndi wosakhwima, makamaka pa miyezi inai yoyamba, pamene ziwalo ndi ubongo wace zirikuumbika.

Tsono bvuto lagona apa. Mwa mwambo wathu mai saulula pakati pakali pang'ono, ndipo dokotala sangathe kupaona ndi maso. Abambo, uzani akazi anu kuti asanaime pa makina anene kwa namwino kuti ali ndi pakati, ngakhale pamene angodumpha mwezi umodzi. Namwino amasunga cinsinsi. Dokotala akadziwa, adzaganiza bwino: kapena adikire, kapena aunike ndi makina ena ochedwa sikani, amene amagwira nchito ndi mau osamveka m'makutu ndipo alibe kuwala kumeneku.

Koma mantha asapitirire. Kuunika cifuwa, dzino kapena mwendo wothyoka kuli kutali ndi mimba, ndipo kuwala kofika kwa mwana n'kocepa ndithu. Kumene kumafuna kusamala kwambiri ndiko kuunika mimba ndi ciuno, makamaka ndi makina akuru a CT. Mai wapakati amene watsokomola masabata awiri, namatuluka thukuta usiku ndi kuonda, asakane kuunikidwa. Cifuwa cacikuru cosacizidwa cikhoza kupha mai ndi mwana yemwe, ndipo cimafalikira m'nyumba monse.

Ngati mai anaunikidwa asanadziwe kuti waima, asade nkhawa ndipo asathamangire mankhwala ocotsa pakati. Apite ku sikelo akafotokoze.

Mafumu, nenani mau awa pa bwalo, ndipo anankungwi awafikitse kwa amai. Tsalani bwino.